Besi ya Nsambo Zisanu

Frackson Kalinde anayamba kuliza besi asanakwatire, ndipo pofika chaka chimenecho anali ndi imvi m'ndevu. Kwa Nchema ankamudziwa ngati mlimi wa nandolo komanso woweta nkhumba. Koma Loweruka likafika ankavala malaya oyera, n'kukwera lole limodzi ndi masipika kupita kulikonse kumene bandi yawo yaitanidwa, kaya ndi ukwati, chinkhoswe kapena msonkhano wa mpingo. Besi yake inali yakalekale, yogula kwa munthu, ndipo utoto unali utasupuka pamene mkono umakhuza.

Mu Ogasiti anali pa ukwati kwa Mpama, masana. Akwati akulowa m'bwalo movina, dzanja lake lamanzere linachita dzanzi, ngati waligonera. Zala zinkapita kumene ankazituma, koma mochedwa, ndipo mawu a besi ankatuluka odukaduka. Woimba ng'oma anacheuka kawiri. Nyimbo isanathe dzanzi lija linachoka, koma zala ziwiri zakumapeto zinatsala zofooka ngati zobwereka.

Jonathan, mwini bandi, amene ankaliza kiyibodi, anamufunsa akupakira zida kuti chinachitika n'chiyani. Frackson anati besi yatha, khosi lake lapindika, nsambo zakwera m'mwamba moti munthu ayenera kuchita kuzifinya ngati akukama ng'ombe. Zinali zoona, kungoti khosilo linapindika zaka zisanu zapitazo. Jonathan sanatsutse. Anangoti nyengo ya maukwati ndi inoyo, ndipo anthu akaitana bandi safuna kumva zifukwa.

Kunyumba, mkazi wake Nester anaona zinthu zingapo. Mabatani a malaya Frackson ankamanga ndi dzanja limodzi. Ndowa ya madeya a nkhumba ankainyamulira kumanja kokhakokha. Tsiku lina mbale inamupulumuka, iye n'kunena kuti inali yonyowa. Nester anafunsa kamodzi ngati sangapite kukaonetsa kuchipatala, koma anayankhidwa kuti ndi kutopa kwa kumenya nandolo, kudzatha kokha.

Atagulitsa nandoloyo pamodzi ndi nkhumba ziwiri, Frackson anakwera kabaza kupita ku Boma. Kuseri kwa msika kunali kashopu ka Che Luqman, amene ankakonza mawailesi ndi masipika. Achimwene awo a ku Joni ankawatumizira zida zoimbira nthawi ndi nthawi, ndipo mwezi umenewo pakhoma panali mabesi awiri.

Che Luqman anawatsitsa onse, n'kuwapukuta ndi kansanza. Yoyamba inali yakuda, ya nsambo zinayi, yolemera ndithu, yopanda zokongoletsa. Yachiwiri inali ya nsambo zisanu, thabwa lake looneka mizere ngati la mbawa, yopepuka, khosi lake lopyapyala, ndipo mkati mwake munali kabatire kothandiza mawu. Mtengo wake unaposa kawiri wa inzake.

Iwo sanabise maganizo awo. Anati kwa munthu woimba m'mabwalo a fumbi, wonyamula zida pa lole, yakudayo ndiyo yoyenera. Ikagwa siidandaula, ndipo kanthu kakawonongeka kamapezeka ku Limbe tsiku lomwelo. Inayo ndi ya anthu ojambula nyimbo m'nyumba zotseka. Kabatire kakatha pakati pa ukwati kumudzi, akakagula kuti? Ndiponso pa masipika a Jonathan, amene iwo eni anawamata kangapo, palibe wovina amene angamve kusiyana kwake.

Frackson anayamba ndi yakudayo. Inali yabwino kuposa yake yakale kutalitali, mawu ake olemera, ogunda pamtima. Koma atafika pamene chala chakumapeto chiyenera kutambasuka n'kukanikiza, nsambo inangoti tswii. Anabwereza, zinali zomwezo. Anaiika pambali n'kutenga ya nsambo zisanu.

Nsambo za imeneyi zinagona pafupi kwambiri ndi khosi. Kungokhudza basi, mawu n'kutuluka, oyera, athunthu. Anaimba nyimbo ija ya kwa Mpama kuyambira poyamba mpaka pamapeto osaphonya, ndipo mayi wina wogulitsa tomato panja anayamba kugwedeza mapewa. Frackson anamva mtima kukhala pansi koyamba m'milungu itatu.

Che Luqman sankamvetsera nyimboyo. Maso awo anali pa dzanja. Anamupempha kuti atengenso yakuda ija abwereze pomwe paja. Nsambo inaliranso tswii.

"A Kalinde, besi iyi ilibe vuto, ndinaiyesa ndekha dzulo," anatero Che Luqman. "Tandigwirani zala izi, mufinye ndi mphamvu zanu zonse."

Frackson anaseka, koma anagwira. Ndi dzanja lamanja anafinya mpaka Che Luqman anakwinya nkhope. Ndi lamanzere anafinyanso, mano ali gwa, koma iwo anasolola zala zawo mosavuta ngati akuzitulutsa m'thumba.

 Kenako Che Luqman anathimitsa sipika imene ankayesera mabesiwo, n'kufotokoza za malemu bambo awo, amene anali telala ku Mbulumbuzi. Anati bambowo anayamba ndi kugwetsa sizasi. Aliyense ankaseka, iwonso ankaseka. Patatha mwezi anawapeza atagwa pambali pa makina, nsalu ya kasitomala ili m'manja. Anati chipatala chili pafupi, n'poyenda wapansi, ndipo kuyeza magazi sikutenga nthawi. Mabesi onse awiri amusungira mpaka abwere.



"Ine ndabwera kudzagula besi, Che Luqman. Ndikanafuna dokotala, njira yake ndikuidziwa."

"Ndiye tengani yakudayi. Ikakukanani mudzadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ya zisanuyi ikunamizani."

"Ndipatseni ya zisanuyo."

Che Luqman anaiika m'chikwama chake pang'onopang'ono, n'kuwonjezerapo kabatire kena kapadera. Sanathokoze monga amachitira munthu akagula katundu wamkulu. Anangoima pakhomo kumuyang'ana akukwera kabaza. Podutsa pa geti la chipatala, Frackson anayang'ana mbali inayo, kwa amayi ogulitsa nthochi.

Nester anaisisita besiyo ndi nsonga za zala, n'kuvomereza kuti inali yokongola. Kenako anafunsa za dzanja. Frackson anati lachira, vuto linali gitala yakale ija, monga ankanenera.

Maloweruka atatu otsatira zinthu zinayenda. Jonathan anasangalala, woimba ng'oma anasiya kucheuka, ndipo pa ukwati wina ku Njuli anthu anafupa besiyo payokha. Frackson yekha ndiye ankadziwa kuti zala ziwiri zinkagwira ntchito ya zala zinayi, ndipo dzanja linkachita kuthamanga m'khosi monse kuti lifike pamene kale linkangotambasukira. M'mawa uliwonse ankadzuka mutu ukuwawa kunkhongo. Ankagula mankhwala a mutu pa okala n'kumwera kuseri kwa khola. Lachitatu lina ali kukholako anafuna kuitana Nester kuti abweretse madzi, koma lilime linalemera, dzina lija n'kutuluka ngati mawu a munthu woledzera. Anakhala pamwala, nkhumba zikumuyang'ana. Patapita kanthawi anayesa kutchula dzina lake lomwe, ndipo linatuluka bwino. Anakatunga madziwo yekha.

Chinkhoswe cha mu Okutobala chinali pafupi ndi Boma, pabwalo la nyumba ina ya malata. Kunatentha tsiku limenelo moti anthu ankalimbirana mthunzi wa mango. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, bandi inayamba nyimbo yothamanga, azakhali a mkwati ali patsogolo ndi lichero.

Pakati pa nyimboyo Frackson anazindikira kuti sakumva nsambo. Anayang'ana pansi n'kuona dzanja lake lili lende pakhosi la besi, ngati la munthu wina amene waima kumbuyo kwake. Analituma kuti likwere, silinakwere. Dzanja lamanja linapitiriza kukoka nsambo zopanda kukanikiza, ndipo besiyo, pokhala yomva msanga, inkatulutsabe mawu okoma okwanira kuti anthu asadziwe kanthu. Anthuwo anavinabe. Fumbi linakwera. Frackson anaona mwendo wamanzere ukupindika wokha, ndipo anatsamira sipika.

Jonathan ndiye anayamba kuona. Atacheuka anapeza pakamwa pa mnzake patakhotera mbali imodzi, malovu akutsikira pa malaya oyera. Anachotsa manja pa kiyibodi. Frackson anafuna kumuuza kuti apitirize, nyimbo isaduke pakati anthu akufupa, koma chimene chinatuluka sichinali mawu. Anagwa cham'mbali. Besi inamenya pansi, ndipo masipika anabuula mokoka, osaleka, mpaka woimba ng'oma anazula chingwe.

Anamunyamula pa galimoto ya amalume a mkwati. Nester anafika kuchipatala dzuwa likupendeka, ali ndi chitenje cha kumunda, mapazi ali mbuu. Dokotala anamutengera pambali n'kumuuza kuti magazi a mwamuna wake akhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali, ndipo mtsempha wina wa m'mutu watsekeka. Anafunsa ngati panali zizindikiro m'mbuyomo. Nester anatchula mabatani, ndowa ndi mbale, ndipo dokotalayo anangogwedeza mutu n'kulemba. Anati moyo wapulumuka, koma matendawa amatha kubweranso, ndipo akabweranso kawirikawiri amabwera ndi mphamvu. Mankhwala azimwa tsiku lililonse osadumphitsa, mchere achepetse, ndipo asamakhale yekha nthawi yaitali.

Frackson anakhala m'chipatala milungu itatu. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, oyamba anali a madzi ndi dzina la mwana wawo Easter, amene anabwera kuchokera ku Limbe kumene amagwira ntchito. Mwendo unayamba kuyenda mokoka. Dzanja linapindikira pachifuwa, zala zitafumbata, ndipo silinatambasukenso.

Che Luqman anabwera kamodzi ndi phava la nthochi. Sanatchule za tsiku lija la m'shopu. Anakamba za kutentha, za magetsi ozimazima, kenako anati besi ija ili kwa iwo, Jonathan anaibweretsa, yangokalika pang'ono pambali. Ngati banja likufuna, aipezera munthu ku Limbe.  Nester ndiye anayankha kuti aigulitse.

Mvula itagwa, Nester anasiya munda wa kudambo n'kumalima wa kuseri kwa nyumba wokha. Frackson ankakhala pakhonde pa mpando wa nsungwi, akufinya kampira ka nsanza monga anamuuzira kuchipatala. Mzere uliwonse ukatha, Nester ankaweramuka n'kuitana, "Bambo a Easter!" Iye ankayankha kuti ee, khasu n'kuyambanso kumveka.

Loweruka lina mu Disembala kunali ukwati kutsidya kwa mtsinje. Mphepo inkabweretsa nyimbo modukiza, ndipo monga zimakhalira patali, chimene chinkafika bwino chinali besi yokha. Frackson anatchera khutu. Woimbayo, kaya anali ndani, ankathamangira patsogolo pa ng'oma, ndipo pokhota nyimbo ankachedwa. Frackson anayamba kuwerenga kugunda kwake ndi phazi lamanja, akudikira kuti aone ngati munthuyo akonze pobwereza.

Nester anaitana ali kumunda, koma Frackson sanamve. Anaitananso kachiwiri. Kachitatu sanaitane. Chimanga chinangomveka kuthyoka, ndipo anatulukira pakona pa nyumba akuthamanga, khasu lili m'manja, mpango utagwa. Anaima patsogolo pake akupuma mwabefu, maso ali pakamwa pa mwamuna wake.

"Ndilipo, mayi a Easter," anatero Frackson. "Ndimamvera nyimbo."

Nester anamuuza kuti amwetulire. Anamwetulira. Anamuuza kuti akweze dzanja lamanja, ndipo analikweza.  Kenako Nester anatsamiritsa khasu kukhoma n'kukhala pansi pakhondepo, matope ali m'miyendo, ndipo tsiku limenelo sanabwererenso kumunda.