Thadzi la Mphatso

Esteri anaponya nkhuku ina m'dzenje, mlangizi wa ziweto ali chiimire pambali. Chitopa chinali chitasesa khola lonse, chonsecho mazira a nkhukuzo ndiwo ankalera ana ake chimwalirire bambo awo. Linangotsala thadzi limodzi, likupalasa pansi pa nthochi ngati palibe chachitika.

"Koma ili lapulumuka, eti bambo?"

"Musanyengeke, mayi," anatero mlangizi. "Thupi ndi tizipinda ting'onoting'ono, kalikonse ndi kakhungu kake. Kachilombo kamamatira pa kakhunguko n'kulowa. M'katimo kamaswana, ndipo ana ake potuluka amabenthula kakhunguko n'kuvala. Nkhuku imayenda bwinobwino matenda ali kale m'thupi. Lipheni, mulikwirire."

Mtima wa Esteri unali pa Marjory, mkazi wa kapitawo wa ku esiteti ya tiyi, amene anamupatsa tambala wa ku Muloza mosinthana ndi nandolo. Mayi ameneyu ankadziwa kuti tambalayo ngodwala. Kwa Marjoryko tambalayo ankagona womangirira kuseri kwa bafa, kutali ndi nkhuku zake. Esteri atamufunsa pamjigo, Marjory anangoseka. "Chitopa chimayenda ndi mphepo, amake Kondi. Ine ndine mphepo?"

Esteri anamva chidani mpaka m'mano, ndipo thadzi sanaliphe.

Loweruka amayi a Mvano anapita kwa Marjory kukaona mdzukulu wake wongotuluka m'chikuta. Wina ananyamula sopo, wina ufa. Esteri anafika ndi thadzi m'khwapa, nagwada mwaulemu wonse.

"Kamphatso ka khanda aka. N'komwe kanditsalira."

Amayi anaomba m'manja, ena mpaka kulengeza misozi. Marjory nkhope inagwa. Nanga mphatso ya khanda n'kuikana pagulu? Mawa lake mudzi wonse ukanati watcha mayi wamasiye mfiti.

"Zikomo, amake Kondi," anatero ndi mawu owuma. "Bwerani nalo, tilipha pompano."

"Kupha? Likuikira ilitu. Lisiyeni liswane, mwana adzakule ndi nkhuku zakezake."

"Zoona zimenezo," anavomera amayi atcheya. "Mphatso yoteroyo saidya."

Esteri anadzuka yekha, anamasula kachingwe ka m'miyendo, n'kulitula pakati pa nkhuku za Marjory zimene zinaunjikana pa phale la madzi. Thadzi linaviika mulomo, linamwa, zinzake zikumwa nalo.

Esteri anasamba m'manja, anakhala pamphasa, napempha kuti am'patseko khanda alinyamule.