Madzi Kuseri kwa Milungu

"Pang'onopang'ono, alamu, mukanda matabwa!" anakuwa Ketaki, manja ali m'chiuno pakati pa balaza.

Shrikant ndi mng'ono wake Omkar anali thukuta kamukamu, kulimbana ndi chiwailesi chakanema chakale, chachimimba ngati mbiya. Atachitulutsa m'chikabati chake n'kuchitsitsa pansi, onse anaima n'kumayang'ana pamene chinachoka. Chikabaticho anachimangitsa malemu bambo awo nyumba yawo ya mumzinda wa Nashik itangotha, cha matabwa olimba, chokhomeredwa kukhoma kuyambira pansi mpaka kudenga. M'mbali mwake munali timashelefu ta matepi amene palibe ankawaoneranso. Wailesi yatsopano, yopyapyala ngati kalendala, inali itakolekedwa kale kukhoma lina, ndiye pakati pa chikabati panangotsala chiphanga choti mwana n'kugonamo.

"Tingochiphwasula basi," anatero Omkar.

"Uphwasule mutu wakowo," anayankha mayi awo, Mayi Kelkar, ali pampando wawo wa pazenera. "Bambo ako anasankha okha thabwa lililonse."

Ketaki, mkazi wa Omkar, anali atangotha chaka chimodzi pabanjapo. Anagwada pafupi ndi apongozi ake n'kuwaonetsa zithunzi pafoni, akulankhula mokweza poti makutu a mayiwo anali atayamba kutha.

"Amayi, taonani apa. Milungu yathu ikungofukiridwa utsi wa anyezi kukhitchini kuja. Bwanji tiyikonzere nyumba muno? Ndipakamo penti, ndiikamo timagetsi ndi timabelu. Mlendo akangolowa pakhomo aziyamba kuona iyo."

Mayi Kelkar anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenaka anamusisita Ketaki pamutu.

"Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Zaka zonsezi palibe anaganizako zimenezi."

Mawu amenewa anamupeza Sulabha, mkazi wa Shrikant, ataima pakhomo la khitchini, manja ali ufa wokhawokha. Anamulasa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala m'nyumba imeneyi, ndipo chiyambire pamene mawondo a apongozi anakana, milunguyo ankaisamala ndi iye. Inali timilungu tisanu tamkuwa, pakashelefu pamwamba pa chitini cha mpunga. M'mawa uliwonse ankayisambitsa, kuyipukuta, kuyiikira maluwa n'kuyatsa nyali, ndipo madzulo ankayatsanso. M'banja la a Kelkar zinali zodziwika kuti woyatsa nyali ndiye mayi wa nyumba. Makiyi angasunge wina aliyense, koma nyali ayi.

"Sinadandaulepo za utsi, Amayi," anatero Sulabha.

"Ikanadandaula bwanji, ili ndi pakamwa pamkuwa?" anaseka Shrikant, osaona n'komwe tsinya la mkazi wake.

"Ketaki akamaliza, muzigawana," anagamula Mayi Kelkar. "Iwe Sulabha uziyatsa m'mawa, iyeyu madzulo. Naye aphunzire."

Sulabha anabwerera kukhitchini n'kukanda ufa uja mpaka dzanja kuwawa. Nsanje inamugwira, ndipo sanadzinamize kuti ndi china chake. Mtsikana wa dzulodzulo, wosadziwa n'kumene mchere umakhala, lero walandira theka la nyali chifukwa cha zithunzi za pafoni!

Tsono panali chinthu chimodzi chimene Sulabha yekha ankachidziwa. Chaka chimene ankamanga zipinda zam'mwamba, apongozi onse awiri anali paulendo wa kukachisi wakutali, Shrikant ankaswera kusitolo ya nsalu, Omkar ali kusukulu yogonera konko. Amisiri anatsala ndi Sulabha. Iye anaona ndi maso ake akuchotsa thabwa lakumbuyo la chikabati, kugumula khoma, kutsitsamo paipi ya chimbudzi cham'mwamba, n'kubwezera thabwa lija mwaukhondo. Palibe anafunsa, iyenso sananene, poti inali nkhani ya chimbudzi. Phokoso la madziwo linkamizidwa ndi wailesi yomwe inkalira tsiku lonse. Ndipo ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti milungu siitsamira khoma lodutsa zonyansa.

Ketaki anagwira ntchito masabata atatu. Anaitana kalipentala amene anachotsa timashelefu ta matepi n'kusema chipata chokongola pakamwa pa chiphanga chija. Penti anapaka yekha, wofiira ndi wagolide, timawaya ta nyimbo tili m'makutu. Chimbudzi cham'mwambacho chinali cha iye ndi mwamuna wake, ndiye madzi akamatsika iye amakhala ali pamwamba pomwepo, kapena nyimbo zili m'makutu.

Tsiku lina masana Omkar anabwera kudzadya, nakwera kuchipinda. Sulabha, akudutsa pabalaza ndi mbale, anamva madzi akutsika kuseri kwa penti wagolide uja. Ketaki anali atagwada mutu uli m'chiphanga, akung'ung'udza kanyimbo, chala china atachikulunga nsanza poti anadzicheka. Sulabha anamumvera chisoni. Anaika mbale pansi, namugwira paphewa.

"Ketaki, tamvera."

Ketaki anachotsa kawaya kamodzi. "Ee, achemwali?"

Nthawi yomweyo Mayi Pethe a nyumba yoyandikana analowa osagogoda, monga mwa masiku onse, n'kuwomba m'manja.

"Mayo ine, kukongola! Mayi Kelkar, mpongozi wamng'onoyu munamutola kuti? Manja ake ndi agolide. Ena akhala pano mpaka imvi, koma nzeru ngati izi ayi."

"Mumati chiyani, achemwali?" anafunsanso Ketaki.

"Penti wakudonthera pa nsalu yako ya sari," anatero Sulabha, natola mbale zake.

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kulimbana ndi mtima wake. Anayamba kumuthandiza Ketaki kusankha nsalu, mpaka kumuuza kuti aitane abale ambiri patsiku losamutsa milungu. Shrikant anakondwa kuona akazi awiriwa akugwirizana.

"Waona? Umangodandaula chabe," anatero usiku wina akuvula nsapato.

"Inu mumaona chiyani kupatula nsalu zanu?" anayankha Sulabha. "Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

"Mbuzi yake iti?"

"Gonani."

Wansembe, a Dixit, anasankha Lachinayi m'mawa. Balaza linadzaza: azakhali, asuweni, Mayi Pethe ndi ana awo, komanso a Vasant, mchimwene wa Mayi Kelkar, amene anayamba kudya maswiti a mkaka mwambo usanayambe. Sulabha ananyamula milungu ija pathireyi kuchokera kukhitchini n'kuipereka kwa Ketaki. Ketaki anaikhazika umodziumodzi pansalu yofiira, timagetsi tikuthwanima. Anthu anaomba timabelu, lubani anafuka, ndipo Mayi Kelkar anapukuta misozi ndi nsonga ya sari.

Palibe anaona kuti a Vasant anazemba. Chimbudzi chapansi anapeza muli mwana, ndiye anakwera masitepe.

"Tsopano aliyense atsinzine, apemphe za kumtima kwake," anatero a Dixit.

M'nyumba munangoti zii. Kenaka kuseri kwenikweni kwa milungu kunamveka waaa, kholokotokholokoto, madzi akutsika mosafulumira mpaka pansi. Mwana wina anaseka. A Dixit anatsekula diso limodzi, kenaka linalo.

"Kodi chimenechi n'chiyani?"

"Ndi paipi ya chimbudzi cham'mwamba," anayankha Sulabha. "Imadutsa kuseri kwa thabwa limenelo."

Anayankha msanga kwambiri, wansembe asanatseke n'komwe pakamwa, ndipo mawu ake anatuluka okoma ngati munthu wolonjera alendo. A Dixit anadzuka n'kuyamba kuchotsa milungu ija mofulumira.

"Iyi siingagone pano ngakhale usiku umodzi. Muyipezere malo ena dzuwa lisanalowe."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," ananong'ona Mayi Pethe, monong'ona moti aliyense amve.

A Vasant anatsika akukonza lamba, nadabwa kuona maso onse ali pa iwo. "Mukundiyang'aniranji? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko!"

Ena anaseka chikhakhali. Ketaki anaphimba nkhope ndi manja n'kuthawira m'mwamba, Omkar ali pambuyo. Sulabha anamva kukoma kumene anakudikira masabata atatu, ndipo kunali kukoma ndithu, tisanamizane. Anagawa tiyi ndi nkhope yachifundo, uku akuuza azakhali kuti mwana ndi mwana, sakanadziwa. M'maganizo mwake anali atayamba kale kupukuta kashelefu ka kukhitchini.

Alendo atabalalika, Mayi Kelkar anamuitana. Milungu inali pathireyi patebulo, yovundikiridwa nsalu. A Dixit anali atatengana ndi Shrikant kukafuna malo ena.

"Khala apa. Za paipiyi unadziwa liti?"

"Kalekale, Amayi, nthawi ya amisiri ija. Ndinaiwala."

"Unaiwala." Mayi Kelkar anagwedeza mutu. "Mwana wanga, ine anafa ndi makutu, maso ayi. Madzi aja ine sindinawamve. Ndinaona nkhope yako. Aliyense anadzidzimuka, iwe wekha ayi."

"Amayi, ine..."

"Ukanamuchititsa manyazi Ketaki pa ndiwo zopserera, ndikanati ndi za akazi apabanja limodzi, nanenso ndinachitapo. Koma iwe wanyamula milungu ya amuna anga ndi manja ako, n'kuipereka kuti ikatsamire zonyansa, ukudziwa. Ndiye ndikusiyire nyali?"

Sulabha anayang'ana pansi. Anafuna kunena za zaka zonse zija, za m'mawa wozizira pamene ankadzuka ena ali mtulo, za malungo amene sanamulepheretse ngakhale tsiku limodzi. Asanayambe, chitseko chinatseguka.

A Dixit analowa ndi Shrikant n'kunena kuti ayendera nyumba yonse. Malo oyenera analipo awiri: kukhitchini komwe inachokera, kapena kachipinda kam'mwamba koyang'ana kotulukira dzuwa, komwe Ketaki ankagwiriramo ntchito zake za pakompyuta, kutali ndi chimbudzi.

"Ibwerere kukhitchini basi, Amayi," anatero Shrikant. "M'mwamba inu mukafikako bwanji ndi mawondowa?"

"Ipite m'mwamba," anatero Mayi Kelkar.

"Koma Amayi..."

"Ndati m'mwamba. Muzindinyamula pa zikondwerero." Anatembenukira kwa Sulabha, mawu ali pansipansi. "Waona? Sunalande Ketaki yekha. Nanenso wandilanda."

Madzulo amenewo Omkar anasamutsa kompyuta, ndipo milungu inakwera masitepe m'manja mwa Ketaki, maso ake ali ofiira. Chikabati chinatsala ndi penti wake wagolide. Shrikant, posowa chochita, anaikamo mabuku a kusukulu a mwana wawo ndi chithunzi cha malemu bambo ake, koma mayi ake anati chithunzicho achichotse, nachonso sichingatsamire pamenepo. Munatsala mabuku okha.

M'mawa mwake Sulabha anadzuka nthawi yake ya masiku onse, thupi litadzuka lokha. Anasamba, natuluka kukathyola maluwa kumpanda, nalowa nawo kukhitchini. Anaima pamaso pa chitini cha mpunga kwa kanthawi, kenaka anatembenuka n'kuyamba kukwera masitepe, monyang'ama kuti asamveke.

Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotsekula pang'ono. Nyali inali ikuyaka kale. Ketaki anakhala pansi tsitsi lili lonyowa, akupukuta kamulungu kotsiriza ndi kansalu, mosazolowera, ngati wanyamula khanda la eni. Sulabha anaona kuti wayika nyali kumanzere m'malo mwa kumanja, ndipo lilime linamuyabwa. Anagogoda.

Ketaki anacheuka. Sanakwiye, sanamwetulirenso.

"Lowani, achemwali. Koma ndayisambitsa kale, ndi maluwa ndaika."

"Ndabweretsa awa."

"Zikomo. Ikani m'mbalemo, ndiwagwiritsa ntchito madzulo."

Sulabha anawerama, naika maluwa ake m'mbale ya pakhomo, pafupi ndi machesi. Za nyali ija sananene. Pansi apongozi anali atayamba kutsokomola, kuitana tiyi, ndipo iye anatsika kukatereka madzi.