Tepi ya a Makina

Kampani yotulutsanso nyimbo za m'mafilimu akale inali ndi kachitidwe kake: isanalengeze chimbale chatsopano, inkaponya zizindikiro pa intaneti kuti okonda nyimbozi alote. Nalo gulu la a Makina ndi anzawo, telala, mphunzitsi ndi wokonza mawailesi, linali ndi lamulo: wolota bwino ndiye ankatsegula chimbalecho n'kuchiliza pa sipika yaikulu ya m'shopu ya wokonza mawailesi.

Ulendo uno zizindikiro zinali chaka cha 1961, lipenga, ndi kachithunzi ka njanji.

A Makina anadziwa pompo. Dzinali analitengera kuholo ya kanema komwe ankayendetsa makina oonetsera, holoyo isanasanduke mosungira simenti. Nyimbo za filimu ya njanjiyo zinali zisanatulukepo pa chimbale. Zinali pa tepi imodzi yokha, imene iwo anajambula mu 1979 filimuyo itabweranso, atagunditsa wailesi ya kaseti pa sipika ya m'holomo. Tepiyo ndiyo inkakweretsa gulu lonse masitepe a kunyumba kwawo Lamlungu lililonse. Chimwalirireni akazi awo, panalibenso wina wogogoda pachitseko chimenecho.

"Achikulire, lotani," anatero telala atakumana m'shopumo. "Paja inu simuphonya."

"Ndi ya apolisi ndi mbava ija," anayankha a Makina, maso ali pa mawaya a patebulo.

"Aa! Imeneyo si ya 1963?" anafunsa mphunzitsi.

"Munabadwa liti inu?"

Inalidi ya 1963, ndipo amene anauza mphunzitsiyo zimenezi anali iwo omwe. Koma kutchula ya njanjiyo kunali ngati kudziitanira mvula denga lili lodontha.

"Basi ine nditchula ya pa tepi yanu ija," anatero telala. "Mwina tingapumeko kumvera chifuwa cha mayi amatsokomola pa tepi uja. Pano ndimachita kumupatsa moni."

Onse anaseka. A Makina anaonetsako mano.

Chimbale chinafika kumapeto kwa mwezi, njanji ili pachikuto. Telala anang'amba pulasitiki ndi mano, n'kuchigwira ndi zala za mafuta. Lipenga linalira loyera, popanda kutsokomola, popanda kulira kwa mipando. Pansi pake panali azeze amene a Makina anali asanawamvepo moyo wawo wonse. Anali okoma kwambiri, ndipo chimenecho n'chimene chinawawawa.

"Koma achikulire," anatero mphunzitsi nyimbo itatha, "filimu yanuyanu osaizindikira? Ukalamba ndi matenda ndithu."

Akanatha kunena zoona, koma zoonazo zinali zochititsa manyazi kuposa ukalamba.

Wokonza mawailesi anachepetsa sipika. "Ndiye Lamlungu tizingokumana konkuno, eti? Masitepe a kwanu aja amatha mawondo, bambo."

"Zili bwino," anatero a Makina, akuvala chipewa. "Nanenso ndinatopa n'kutsuka makapu."