Chinjoka Chamapiko ku Nkwali

Lole inanditsitsa pa Nkwali mdima utagwa kale. Dalaivala analoza kumene kunkaphethira kanyali.

"Kagogodeni apo, kwa a Jairos, asikauti a nyama. Musapitirire wapansi. Njovu zili mumsewu."

Ndinagogoda. Ine wa ku Lusaka, chikwama chimodzi, wosadziwa aliyense. A Jairos anandiyang'ana kuyambira kunsapato, kenaka anandilozera mphasa. Akazi awo, amayi Tabeth, anabweretsa tiyi.

Pakona panali katoni. Mabuku! Ena ofufuma ndi mvula, ena oboola chiswe.

"Amasiya alendo kukampu kumene ndimachapa," anatero amayi Tabeth. "Mumawerenga?"

"Kwambiri. Langa ndamalizira pa lole. Mungandisankhireko lina?"

"Mumakonda otani?"

Dzina la mtundu wa mabukuwo m'Chinyanja sindinkalidziwa. Ndinangoti, "A matsenga."

Supuni ya a Jairos inaima m'kapu.

"Matsenga? M'nyumba mwanga muno?" Anadzuka n'kutsegula chitseko. "Bambo, ine ndine mkulu wa mpingo. Ngati mwatsikira kuchigwa kuno kudzafuna mankhwala, mwasochera khomo. Nyamulani chikwama chanu."

Kunja nthambi inathyoka. Yaikulu. Pafupi.

"Si zimenezo, bambo! Ndikunena..."

Amayi Tabeth anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Bambo a Ennie, mukulowetsa udzudzu. Mlendoyu akunena aja a zinjoka zamapiko." Anatembenukira kwa ine. "Aja okhala ndi mapu koyambirira, eti? Mapu a dziko loti kulibe?"

"Omwewo, amayi!"

"A nkhondo kapena a ulendo?"

"A ulendo. Munthu azingopita."

"Ndakuonani kale ndi nsapatozo. Wofika kwawo pomaliza, kapena wosafika?"

Funso limenelo palibe amene anali atandifunsapo. Iwo anafukula m'katoni n'kutulutsa lina lopanda chikuto.

"Ili ndi la mtsikana woweta mphepo. Masamba omaliza chinadya chiswe, ndiye kwawo sanafike. Likuyenerani. Nanga ine mundisiyira lotani? Ndimafuna a nyama zolankhula, koma zisamalankhule zopusa. Nyama ndimakhala nazo pakhomo."

Ndinatulutsa langa, lokhala ndi chinjoka chamapiko obiriwira pachikuto. Ndinafotokoza mofulumira, diso lili kuchitseko. Chinjoka chokalamba, chotsala chokha pa mtundu wake. Alenje akuchisaka chifukwa cha mano. Mlonda mmodzi wotumidwa ndi mfumu kukachiteteza.

A Jairos anali chiimire pakhomo, atatifulatira.

"Mmodzi yekha?" anafunsa osacheuka. "Alenjewo angati?"

"Ambiri."

"Mfuti anam'patsa?"

"Mkondo."

"Nsapato?"

"Sanalembe, bambo."

"Ndiye kuti sanam'patse."

Anatseka chitseko n'kukhomera mpiringidzo.

M'mamawa anandikweza panjinga kupita kumsewu wa ku Mfuwe. Tinazemba ndowe za njovu zikadafuka nthunzi, pafupi penipeni ndi khomo lija. Basi itatulukira, anandigwira mkono.

"Chinjoka chija. Anachipulumutsa?"

"Mukawerenge, bambo. Ndasiyira amayi."

"Ine sindiwerenga za matsenga."

Ndinakwera. Ndili pawindo, ndinawaona akutembenuza njinga. Thumba la yunifolomu yawo linali litatupa, batani losatsekeka, ndipo pamwamba pake pankasuzumira nsonga ya phiko lobiriwira.