Buku Limene Analeka Kuliba

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, a Pulofesa Byun ankalimbana ndi Mayi Pyo, mwini kasitolo ka fotokope kuseri kwa geti la yunivesite ku Daegu. Buku la kemisitiri limene a Byun analemba linali lolemera ngati njerwa, ndipo wolilipira ankadya zosakhutitsa mlungu wathunthu. Choncho ophunzira ankasonkherana, kugula limodzi, n'kulipereka kwa mayiwo kuti alichulukitse. Chaka chilichonse a Byun ankapitako kukawaopseza za apolisi. Mayi Pyo ankawathirira tiyi wa balere, n'kulumbira kuti sadzabwerezanso.

Chaka chino kunabwera mphunzitsi watsopano, Ryu Hye-won, yemwe kale anali wophunzira wa a Byun. Anagawana naye ana a chaka choyamba. Ryu analemba kabuku kake kopyapyala n'kukaika pa intaneti kwaulere. A Byun anakawerenga kawiri, akusakamo cholakwa. Anapeza chimodzi chokha, chaching'ono moti anachita manyazi kuchitchula.

Pa tsiku la aphunzitsi, mu Meyi, chitseko cha Ryu chinadzaza timakalata tothokoza mpaka chogwirira osaoneka. Pa cha a Byun panali kamodzi, ka mtsogoleri wa kalasi, amene kulemba inali ntchito yake. Anakasiya pomwepo n'kutsikira kwa Mayi Pyo.

"Ndiye mwafika, a Pulofesa! Ndimati mwina mwadwala," anatero mayiwo osazimitsa makina. "Apolisi aja mwawasiya panja?"

"Ndionetseni zimene mwabisa pansi pa tebulo."

"Weramani nokha, msana wanga watha."

Anawerama. Munali milumilu ya kabuku ka Ryu, komangidwa bwino ndi zikuto zabuluu.

"Izo musandikalipire nazo. Mwiniwake analemba patsamba loyamba kuti wofuna akope."

"Nanga langa?"

"Lanu? Chaka chino palibe wandifunsa ngakhale mmodzi. Ndi a m'kalasi mwanu omwe akutenga zabuluuzi. Mwapambana, bambo. Sindikukuberaninso."

A Byun anaima akuyang'ana kuwala kwa makina kukupita ndi kubwerera pansi pa mawu a munthu wina. Ryu anamuphunzitsa ndi iwo kugwira botolo la asidi osanjenjemera. Anafuna kunena zimenezo, koma anaona kuti Mayi Pyo aseka.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa buku lawo, lija ankaphunzitsira, lodzaza zolemba za pensulo m'mphepete.

"Mutu wachisanu ndi chiwiri," anatero. "Mwanayo sanaufotokoze mokwanira. Kopani, muike pamodzi ndi zakezo."

Mayi Pyo anapukuta manja pa epuloni, n'kulilandira ndi manja awiri.

"Ndiike pansi kapena pamwamba?"

"Pamwamba."

"Chikuto cha mtundu wanji?"

"Chilichonse, bola chisakhale chabuluu." Anakafika pakhomo n'kutembenuka. "Ndibwera Lachisanu kudzaona kuti atenga angati."