Mphindi Zitatu M'chipinda Chozizira

Kutentha kuja kunkayambira pachifuwa, kenako n'kukwera m'khosi, kufika kumaso, mpaka m'makutu kumachita ngati wina wathiramo madzi a m'ketulo. Mayi Sikelo, amene dzinali analipata chifukwa choyeza nyama zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'sitolo yaikulu ija, ankangoika mpeni pansi n'kuuza mnzawo wodula nyama kuti, "Ndikatenge chiwindi." Chiwindi chake chiti? Chiwindi chinali mbwee m'thireyi. Iwo unali ulendo wa kuchipinda chozizira.

Mmenemo ankaima pakati pa miyendo ya ng'ombe yolendewera, n'kumasula batani lapakhosi, n'kutsamiritsa chipumi pashelefu yachitsulo. Mphindi zitatu basi. Tsiku lonse lathunthu, mphindi zimenezo n'zimene ankamva kuti thupi lija ndi lawo.

Kuchipatala anapitako. Namwino anawauza mosapita m'mbali kuti matenda palibe.

"Mukusiya kusamba, mayi. M'thupi mwa mkazi muli mahomoni otchedwa esitirojeni. Akayamba kuchepa, thupi limayesa kwatentha pamene sikunatenthe. Tulo timavuta, maondo amaphwanya, mafupa nawo amayamba kufooka."

Anati mankhwala alipo, koma si aliyense amene amamuyenera, ndiye akaonane kaye ndi dokotala wa amayi yemwe ankabwera Lachinayi lokha. Lachinayi n'limene lole ya nyama inkafika, tsiku loti munthu supempha n'komwe. Miyezi inayi inatha choncho. Kunyumba bambo ankangoti, "Masiku ano mwalusa inu," n'kutseka zenera lomwe mayiwo angotsegula. Kunena zoona Mayi Sikelo anali atatopa, kutopa kwenikweni koti ngakhale kukangana ankakuona ngati ntchito.

Ndiye kunabwera manijala watsopano, mwana wadzulodzuloli, msinkhu umodzi ndi mwana wawo woyamba. Sanali woipa ayi, anali wakhama, ndipo khama lake n'limene linawapweteka. Lachisanu masana anawaitanira kuofesi, kachipinda kopanda zenera, kodzaza makatoni a mapepala a malisiti.

"Amayi, khalani pansi," anatero manijalayo. "Chitseko cha chipinda chozizira chimalemba chokha aliyense akalowa ndi khadi lake. Dzulo lokha munalowamo maulendo khumi ndi anayi. Anzanu salowa kupitirira kanayi."

Analoza pepala lomwe linali patebulo, lolembedwa maulendo onsewo, n'kupitiriza.

"Anthu ayamba kunong'ona kuti mwina mumabisa nyama. Ine sindikufuna kukhulupirira zimenezo. Koma mukapanda kundiuza chifukwa, ndiyenera kulemba kalata kupita kwa akuluakulu, ndipo mukudziwa mmene zimathera."

Ankadziwa. Zaka zonsezi osatolapo ngakhale fupa la galu, lero adzatuluke ndi dzina la wakuba, pa msinkhu woti palibenso angawalembe ntchito. Mawu oti ayankhe anali nawo, afupiafupi, omwe aja a namwino. Koma kumuuza mwana wamwamuna ameneyu, wa tindevu tosakwana, nkhani ya kusamba? Ngakhale bambo a kunyumba anali asanawauze bwinobwino. Ndipo ngati mwadala, kutentha kuja kunayamba pomwepo. Thukuta linatsika m'khosi mnyamatayo akuona, ndipo iwo anadziwa kuti akuoneka ndendende ngati munthu wogwidwa.

Anasankha mbali ya zoona yomwe inkatheka kutuluka pakamwa.

"Sindili bwino, bwana. Maondo amandiphwanya, mafupa akufooka. Anandiuza kuchipatala. Ndimakapumirako pang'ono kumene makasitomala sangandione."

Nkhope ya manijala inasintha nthawi yomweyo. Anakankhira pambali pepala lija, chisoni chitamugwira.

"Bwanji osanena kale, amayi? Mayi anganso ali ndi vuto lomwelo. Kukangozizira pang'ono salowa n'komwe m'khitchini, maondo kuwawa. Ndiye inu mafupa akupweteka n'kumakabisala m'firiji? Mukudzipha nokha."

"Ayi bwana, kuzizirako sikundi…"

"Musadandaule, zisiyeni m'manja mwanga. Kalata sindilemba. Munthu mwagwira ntchito zaka zonsezi, tiyenera kukusamalani."

Anawaperekeza mpaka pakhomo, n'kuwatsegulira chitseko ngati mlendo wolemekezeka. Iwo anati zikomo. Akanatinso chiyani? Ntchito inali yapulumuka, dzina lapulumuka. Anabwerera pasikelo, mnzawo wodula nyama n'kuwafunsa kuti zatha bwanji. Anangoti zatha.

Lolemba m'mawa anapeza epuloni yatsopano itawadikira, yoyera, ndi kachipewa kake. Khadi lawo la kuchipinda chozizira linali litapatsidwa kwa wina. Manijala anali atawasamutsira kumbali yophikira buledi, kumapeto kwenikweni kwa sitolo, kumene mauvuni atatu amayaka kuyambira m'mawa mpaka potseka.

"Mwachita mwayi, anti," anatero mtsikana wokanda ufa uku akuwaonetsa pokoloweka chikwama. "Malo ano anthu amawalimbirana nyengo yozizira. Bwana anachita kukumenyerani nkhondo."

Pofika teni koloko epuloni ija inali itamatirira kumsana. Akatsegula uvuni, mpweya wamoto unkawamenya kumaso, wam'thupi nawo n'kuyankha kuchokera m'kati, ndipo panalibe kothawira. Anagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka chizungulire chitadutsa.

Manijala anatulukira atanyamula mafayilo, akumwetulira ngati mwana amene wagulira mayi ake nsapato.

"Amayi, mafupa aja bwanji kuno?"

Mayi Sikelo anapukuta kumaso ndi mkono. Anamuyang'ana mnyamatayo, chisangalalo chili pankhope, ndipo mphamvu zoti amukhumudwitse analibe.

"Aliko bwino, bwana."

"Ndinadziwa ine," anatero, n'kumapita.

Belu la uvuni wachiwiri linalira. Anavala magolovesi n'kukatsegula.