Penti Wachikasu Pansi pa Boneti

Ku Ndirande, Rodrick Chikafa ankadziwika ndi dzina loti a Injiniya. Minibasi imene amakanika ena onse aikanika ankaikankhira kwa iye, ndipo dzuwa lisanapendeke inkakhala ili pa siteji ikuitanira anthu a ku Limbe. Ku Wakefield, ku England, kunalibe amene ankazidziwa zimenezo. Kumeneko anali munthu wodikira mapepala okhalira m'dzikomo, chaka chachitatu tsopano, ndipo lamulo linkamuletsa kugwira ntchito. Lachiwiri ankakwera sitima kukasaina ku ofesi ya boma ku Leeds, masiku enawo n'kumangokhala m'nyumba mwa mlongo wake Fyness, namwino, akutsuka mbale zotsukidwa kale. Zikhatho zake zinayamba kusalala, ndipo ankachita nazo manyazi.

Chimene chinamupulumutsa ndi galaja ya a Ken, mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana nayo. M'menemo munali Plymouth ya 1970, chigalimoto chofiira cha ku America, cha malemu mng'ono wawo Percy. Manja a a Ken ankanjenjemera ndi matenda moti sipanala inkawagwa. Tsiku lina Rodrick anawatolera, n'kumanga bawuti imene iwo analimbana nayo m'mawa wonse. Kuyambira pamenepo ankalowa m'galajamo tsiku ndi tsiku. Panalibe malipiro, kupatula tiyi wamkaka ndi mabisiketi, koma munali mokhamo m'dziko lonse la England mmene Rodrick anali munthu wodziwa kanthu.

Vuto la galimotoyo linali pakati pa boneti. Panali kachitseko kamene ukadina batani mkati kamatukuka, injini n'kumameza mpweya wozizira. Kankatukulidwa ndi kachitini kokhala ndi labala mkati, ndipo labalayo anali atang'ambika kalekale. A Ken anaitanitsa kachitini kena ku America, miyezi inayi n'kutha kali kosafika. Rodrick zinkamunyong'onya. Munthu angadikire bwanji sitima ya pamadzi chifukwa cha kalabala?

Kenako a Ken anagonekedwa m'chipatala sabata imodzi. Pochoka anamusiyira Rodrick kiyi wa galaja. "Uzingolowetsamo mphepo, galimoto isachite nkhungu," anatero.

Rodrick anaulandira ndi manja awiri. Chibwerereni kuno palibe amene anamupatsapo kiyi wa chilichonse, ndipo madzulo ake anauonetsa mlongo wake ngati mwana wakhoza mayeso.

"Achimwene, akuuzani kuti mutsekule chitseko basi," anatero Fyness akusita yunifomu. "Azungu ndi zinthu zawo zakale ali ndi ma feelings ovuta. Just ask first."

"Ndifunse chiyani, achemwali? Job imeneyi ku Ndirande ndi ya before lunch."

M'mawa mwake anamasula zonse za pansi pa boneti. Anadula labala ku chubu chakale cha njinga yamoto, n'kumuika m'kachitini muja bwinobwino. Anawongola timahinjesi, nasintha kapaipi kouma. Atatembenuza chitsulo chogwirira kachitsekoko, anapeza zilembo zokhotakhota za penti wachikasu, P.H. 78, ndi mawu ena ochepa amene dzimbiri linali litawadya pang'ono. Sanavutike n'kuwawerenga. Zilembo zotero ankazidziwa bwino. Ogulitsa masipeya akale ku Limbe amalemba choncho pa katundu wawo, ndipo makanika wa ulemu wake sabweza galimoto kwa mwini wake ili ndi chizindikiro cha kaunjika. Umafufuta, kuti bwana akatsekula boneti pagulu asachite manyazi. Anatenga sandipepa n'kupala mpaka chitsulo chinayera, kenako n'kupopera penti wakuda kawiri. Ankaimba nyimbo ya kwaya uku akugwira ntchito.

A Ken anatuluka Lolemba, atawonda, akuyenda ndi ndodo. Rodrick anawakhazika pampando kutsogolo kwa galimoto, iye n'kulowa, kuliza injini, kudina batani. Kachitseko kanatukuka pang'onopang'ono, kosagwedera n'komwe. Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola.

"Zaka makumi awiri kasanatukuke! Wachita bwanji? Tsekula ndione."

Rodrick anatukula boneti monyadira. A Ken anaimirira, anavala magalasi, n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayendetsa chala chawo chonjenjemera pa chitsulo chakuda chosalala chija, kupita uku ndi uku.

"Panali zolemba apa," anatero.

"Ndafufuta, bambo. Zinali za ogulitsa masipeya. Tsopano chikuoneka chatsopano."

A Ken anabwerera pampando wawo. Injini inali ikulirabe, ndipo Rodrick anathamanga kukaizimitsa.

"Analemba ndi Percy," anatero mdalayo, maso ali pansi. "Galimotoyi itangofika tinakangana. Ine ndinati kachitsekoka sikadzatukukanso. Iye anakakonza, n'kulemba dzina lake, chaka, ndi mawu akuti Ken waphonyanso. Makalata sankalemba mng'ono wanga. Dzanja lake linatsala pamenepo pokha."

Rodrick anazindikira chimene wachita. Safunsa anadya phula, ndipo mlongo wake anali atamuuza. Anagwada pa simenti, monga amachitira munthu kwawo akalakwira wamkulu, koma zimenezo zinangowasowetsa mtendere a Ken, amene anatembenuza nkhope n'kumukodola kuti adzuke. Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Ku Ndirande mwini galimoto amalalata, anthu n'kusonkhana, wina n'kupepesera mnzake, mawa lake n'kumamwera limodzi thobwa. Apa panalibe woti n'kumutuma kukapepesa, panalibenso nkhuku yoti n'kupereka.

Mutu wake unathamangira kumene unazolowera, kokonza. Palibe chimene chinamukanikapo. Anapangapo gasiketi ya injini ndi katoni, anamangapo chitenje m'malo mwa fanibeluti.

"Ndikhoza kulembanso, bambo. Ndikukumbukira mmene zinakhalira. P wake anali wopendekera chonchi. Penti wachikasu ndimupeza, ndipo palibe angasiyanitse."

"Ndikudziwa kuti ukhoza," anayankha a Ken. "Ndiwe mmisiri weniweni, sindinaonepo wotero. Ntchitoyi waigwira bwino kwambiri."

Rodrick anayang'ana pansi. M'ming'alu ya simenti munali kafumbi kachikasu kamene tsache lake linakaphonya. Anaganiza zokawola, koma akanakapereka bwanji, m'chiyani?

"Ndatopa tsopano," anatero a Ken. "Ndikufuna ndikhale ndekha ndi galimotoyi masiku angapo. Mwina kuposerapo."

Anatambasula dzanja. Rodrick anamvetsa. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi uja, amene anali atamumangirira kachingwe kofiira kuti asatayike. Anawapatsa ndi manja awiri monga anaulandirira. Koma dzanja la mdalayo linanjenjemera, kiyi n'kugwa pa simenti pakati pawo, pomwe paja inagwera sipanala tsiku loyamba.

Rodrick anawerama kuti atole.

"Usavutike," anatero a Ken mofatsa. "Nditola ndekha."